Maswiti a Malume Yobu

Kwathu kuno, mbali ya ku Chisemphere, mukayenda mtunda wautali osaona mtengo woti n'kuusa pansi pake, kenako n'kuona zitsa zoyera pakati pa minda ya fodya, dziwani kuti mwafika pa mbumba yathu. Mpaka chaka chatha pamenepo panali kankhalango ka masuku ndi miwanga. Mitengo imeneyo sinakhalitse chifukwa choti ndife anthu okonda mitengo, ayi. Nafenso tili ndi nkhwangwa, ndipo mphanda za zigafa timazifuna chaka ndi chaka ngati wina aliyense. Inakhalitsa chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi, malume anga a Yobu, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Agogo pomwalira anawauza kuti pamenepo pasagwe mtengo, ndipo a Yobu ananena kamodzi kokha kuti wodulapo adzaonana nawo. Kwa zaka makumi atatu palibe amene anafuna kudziwa kuti kuonana nawoko kumakhala bwanji.

Ine ndine Feggie, ndipo ndinene pachiyambi pomwe kuti pa nkhaniyi nanenso mlandu ndili nawo.

A Yobu anayamba ntchito pa esiteti ina ya kufupi kuno asanamere ndevu, akusoka fodya pamodzi ndi matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe. Sanakhalitse pa kusokako. Kapitawo wina anaona kuti munthuyu akagwira tsamba amalidziwa, ndipo anawalowetsa m'shedi yosankhira fodya, mmene anakhalamo zaka makumi anayi. Amene sanaone a Yobu akusankha fodya sanaone munthu akunyada. Ankatenga tsamba, n'kulitambasula pantchafu, n'kulisisita ndi chala chachikulu, n'kulinunkhiza, kenako n'kuliponya pa mulu wake osaliyang'ananso. Akati ili ndi lapamwamba, linali lapamwamba. Akati ndi lapansi, lija limakhudza dothi, linali lapansi ngakhale tenanti mwini fodyayo agwade ndi kulira.

Vuto ndi lakuti ntchitoyi sankaisiya m'shedi. Ankabwera nayo kumudzi n'kumasankha anthu. Amuna anga atabwera kudzandifunsira, malume anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, nati, "Wapakati. Agulika, koma si woti n'kuitanira anthu kuti adzaone." Mpaka lero amuna anga sanaiwale. Koma ine ankandiika pamwamba. "Feggie ndi tsamba lapamwamba," ankatero pamaso pa anthu, ndipo ine ndinkayenda ngati mudzi wonse ndi wanga.

Pokhala mwini mbumba, chilichonse chinkadikira iwo. Maliro, ukwati, mkangano wa malire, zonse zinkatha a Yobu akanena kuti zatha. Mng'ono wawo, a Cornelius, anali mphunzitsi wopuma ntchito, munthu womanga tayi ngakhale popita kuchigayo. Pa misonkhano ya mbumba ankayamba bwino ndithu, "Ine mwa maganizo anga," ndipo akulu awo ankangowayang'ana, maganizowo n'kubwerera komwe achokera. Kwa zaka zonsezo a Cornelius ankadikira tsiku lodzamaliza chiganizo chawo.

Matenda anabwera mwakachetechete, malume atadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo, kutuluka panja kosalekeza, ndipo jekete yawo ya kutchalitchi inayamba kuwakulira. Akazi awo, a Zelesi, anaona nyerere zitaunjikana kuseri kwa nyumba kumene malume ankataya madzi, koma anangosunga mumtima. Chimene chinaulula zonse ndi maso. Tsiku lina a Yobu anaponya tsamba lobiriwira pa mulu wa fodya wapamwamba, ndipo wosankha mnzawo, munthu amene iwo omwe anamuphunzitsa ntchito, analichotsa mobisa kuti asawachititse manyazi. Malume anaona. Sanadikire kuti wina awauze. Anakwera njinga yawo n'kubwera kunyumba, ndipo ku shediko sanapondekonso. Kuchipatala anawabaya chala, n'kuwauza kuti ali ndi shuga, n'kuwapatsa timapiritsi takumwa m'mawa uliwonse.

Tsiku lomwelo mudzi wonse unasanduka madokotala. Anthu osadziwa kusiyanitsa panado ndi mankhwala a nkhupakupa anayamba kufotokoza za shuga ngati anabadwa naye. Chiphunzitso chathu chinali chimodzi, chachidule, chosavuta kuloweza: munthu wa shuga ali ndi shuga wochuluka m'thupi, choncho chotsekemera chilichonse ndi chiphe kwa iye, ndipo chowawa chilichonse ndi mankhwala. A Zelesi anabisa paketi ya shuga m'chitini cha misomali. Tiyi wa malume anasanduka madzi otentha a mtundu. Nzimbe, nthochi, mbatata, thobwa, zonse tinawaletsa. Ngakhale masuku a m'kankhalango kawo komwe ankangoona anthu akutola n'kumayamwa pamaso pawo. M'malo mwake tinkawawiritsira masamba a nimu, owawa koti galu atanyambita akhoza kusamuka mudzi. Kutchalitchi amayi a chigwirizano ankasuntha ndowa ya thobwa akaona a Yobu akuyandikira. Munthu amene ankalamula mbumba yonse anayamba kulamulidwa ndi aliyense wodziwa kutchula mawu akuti shuga. Ndipo zonsezi tinkachita mwachikondi, chikondi chija chosafunsa mwini wake.

Malume anayesa kutiuza. Atabwera kuchipatala ulendo wachiwiri anati anesi anena kuti shugayu amatsikanso, makamaka ukamwa mapiritsi osadya mokwanira kapena ukagwira ntchito yolemetsa, ndipo akatsika uyenera kudya switi msanga. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Abambo, mwakalamba n'kuyamba mabodza a ana?" anatero a Zelesi. "Anesi ake ati ouza munthu wa shuga kuti adye switi?"

Ine ndinawonjezera kuti mawa adzatiuza kuti dokotala walamula Fanta. Malume sanabwerezenso. Munthu amene mawu ake sankabwezedwa sakanapempha switi kawiri.

Ndiye moyo wawo unakhala wokwera ndi kutsika. Masiku ena ankangokhala pa mpando wandalema, olefuka, maso ali pa chinthu chimodzi, osayankha ngakhale moni, ndipo ife tinkati ayamba kudzimva. Masiku ena, makamaka dzuwa likamafika pamutu atachokera kudimba pa njinga, manja ankayamba kunjenjemera, thukuta n'kumayenderera, kenako pakamwa n'kutseguka. Ankatukwana mbuzi, njinga, a Zelesi, ndi aliyense wodutsa pamsewu. Ife tikaona choncho tinkati shuga wakwera, n'kuthamangira kukawiritsa nimu. Akadya nkhomaliro mtima unkakhala pansi, ife n'kumayamikira nimu.

Madzulo ena ndinawapeza kuseri kwa chigafa chawo atakhala pa mtondo wakale, akulira. Si kulengeza misozi kokha ayi, koma kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Ndinachita mantha chifukwa ndinali ndisanaonepo, ngakhale pa maliro a mayi anga.

"Feggie," anatero, osandiyang'ana, "lero ndawanena azakhali ako kuti ndi mfiti. Munthu amene ndakhala naye zaka makumi anayi. Ndimamva pakamwa panga pakulankhula, ine ndili chapatali kumvetsera, osatha kupatseka. Ndikuopa, mwana wa mlongo wanga. Ndikuopa kuti anthu asiya kusiyanitsa mawu anga ndi mawu a matendawa."

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kumvetsera. Ine, tsamba lapamwamba, ndinagwira m'chiuno n'kufunsa kuti, "Malume, nenani zoona, mwadya chiyani mobisa?"

Pa nthawi imeneyi a Cornelius anali atayamba kuyendayenda m'makomo. Sankanena zoipa, iwo ndi munthu wophunzira. Ankangodandaula, akugwedeza mutu, kuti achimwene atopa, mutu sukugwiranso bwino, ndipo n'kulakwa kuwasenzetsabe katundu wa mbumba. Podutsa pa kankhalango kaja ankaima pang'ono, manja kumbuyo, akuyang'ana miwanga kuyambira pansi mpaka kunsonga. Tonse tinkadziwa kuti sakuwerenga mbalame.

Zinthu zinaphulika pa chinkhoswe cha mwana wanga Tawina. Anapeza mwamuna, Prosper, mphunzitsi wochokera mbali ya ku Nkhamenya, wa banja la ulemu wake. A Cornelius anadzipereka kuti akhale nkhoswe m'malo mwa akulu awo, koma a Yobu anati iwo sanafe, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Linali Loweruka m'mwezi wa Ogasiti, fodya atagulitsidwa. Malume anadzuka m'mamawa n'kumwa mapiritsi awo monga mwa masiku onse. A Zelesi anawapatsa phala la mgaiwa lopanda kanthu, iwo n'kulawa masupuni awiri, n'kulisiya, n'kukwera njinga kukalongosola za mabenchi kutchalitchi. Atabwerako anavala jekete n'kukhala kutsogolo. Kwathu nkhoswe yodzilemekeza sikhudza chakudya alendo asanafike. Chakudya chake choyamba ndi nkhuku yootcha ija amagawana ndi nkhoswe inzake pamaso pa anthu, ya kuchimuna itapereka tambala, ya kuchikazi itapereka thadzi. Ena masiku ano amazemba n'kukadya kuseri, koma osati a Yobu.

Alendo anati afika teni koloko. Lole yawo inawonongeka panjira, ndipo anafika thuu koloko itadutsa.

Pamene ankatsika m'lolemo, malume anali atanyowa ngati avumbwa. Nkhope inali itatuwa, milomo ikunjenjemera. Pafupi ndi benchi yawo panali kireti ya Fanta yodikira alendo. Ndinawaona akutambasula dzanja pang'onopang'ono, ngati munthu wakuba m'nyumba mwake momwe, n'kugwira botolo limodzi. Ndinalumpha mabenchi awiri n'kuwatsomphola.

"Ndipatse, Feggie," anatero ndi mawu otsika kwambiri. "Ndikukupempha."

"Malume, mukufuna kufera pa chinkhoswe cha mwana wanga?" ndinatero, mokweza kuti amayi onse amve kuti ndimawasamala. Ndipo anamvadi, n'kugwedeza mitu kundiyamikira. Kireti ija ndinaikokera kutali.

Mwambo unayamba. Nyimbo zinaimbidwa, Tawina anatulutsidwa atafundidwa chitenje, ndipo inafika nthawi yoti ankhoswe aime. Ankhoswe a kuchimuna, malume ake a Prosper, anali bambo wonenepa, wodekha, mkulu wa mpingo kwawo. Anabwera kutsogolo atanyamula tambala, akumwetulira. A Yobu anaima akudzandira, n'kuwayang'ana nthawi yaitali ngati sakuwadziwa. Kenako anatambasula dzanja, n'kugwira khutu la mlendoyo, n'kulikoka, n'kuyamba kulisisita ndi chala chachikulu monga ankachitira m'shedi.

"Lapansi ili!" anakuwa. "Lodyedwa ndi mbozi! Ndani wabweretsa zinyalala izi m'shedi mwanga? Ndi awo akhala apowo, onsewo ndi apansi okhaokha! Bwezani lole yonse!"

Tambala anapulumuka m'manja n'kuthawira kumunda. Ng'oma zinaleka. Tawina analira mokweza mkati mwa chitenje chake. Ine ndinafuna kuti nthaka itseguke ndilowemo, koma ndinaonanso a Cornelius akukonza tayi yawo mwaulemu, nkhope itaoneka yachisoni kuposa mmene chisoni chimaonekera. Malume anayesa kunenanso china, lilime linakana, maondo anapindika, ndipo anagwa chokhala m'fumbi.

A Zelesi anali atatulukira kale ndi kapu ya nimu. Tinali okonzeka, ife.

Mwa alendowo munali mlongo wake wa Prosper, dzina lake Annette, namwino wogwira ntchito ku boma. Anadutsa pakati pa anthu, nagwada, nawagwira malume pamphumi.

"Ali ndi shuga? Amwa mapiritsi lero? Adya nthawi yanji?" Atamva mayankho anakuwa, "Bweretsani shuga, msanga! Kapena Fanta, chilichonse chotsekemera!"

Palibe amene anasuntha. Amayi awiri anakaima pakhomo la khitchini ngati asilikali.

"Mwana iwe," anatero a Zelesi, "ukufuna kutiphera munthu chifukwa watukwana malume ako?"

Annette sanataye nthawi ndi ife. Anakankha kapu ya nimu, nathamangira pa kireti, natsegula botolo pa ngodya ya benchi. Ataona kuti malume akutha kumeza, anawatsamiritsa pa bondo lake n'kuyamba kuwamwetsa pang'onopang'ono. Ndipo ine amene ndikufotokoza nkhaniyi ndinamugwira mkono kuti aleke. Anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala, nati, "Mayi, mukandigwiranso, maliro awa akhala anu." Ndinamusiya.

Sipanathe mphindi khumi ndi zisanu. Kunjenjemera kunachepa, maso anabwerera m'malo mwake. Malume anayang'ana buluku lawo lodzaza fumbi, n'kuyang'ana anthu atawazungulira, n'kufunsa mwaulemu, "Kodi alendo athu afika?"

Annette anatikalipira tonse, akulu ndi ang'ono omwe, pa chinkhoswe cha mchimwene wake. Anati shuga wa malume sanakwere, anatsika mpaka kutsala pang'ono kuwapha. Anati kutukwana kuja, thukuta lija, kunjenjemera kuja, linali thupi likupempha chakudya, ndipo ife kwa zaka ziwiri tinkaliyankha ndi nimu. Anati shuga wambiri ndi woipa, inde, koma munthu womwa mapiritsi amenewa asamayende wopanda switi m'thumba. A Zelesi anakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi mpango. Malume sananene kuti "ndinakuuzani." Ndikanakonda akanatero.

Sabata yotsatira anapita okha ku Nkhamenya atanyamula nkhuku, kukapepesa kwa mwini khutu uja. Ukwati unachitika. Prosper, mwana wa makhalidwe, anawagulira kamakina koyezera shuga, pamodzi ndi kabotolo ka timapepala tolowetsa m'makinamo. Annette anawaphunzitsa kubaya chala ndi kuwerenga nambala: ikakhala pansi pa folo, shuga watsika, ikakhala cha m'ma sikisi, zili bwino. Timapepalato n'tosowa kuno, choncho malume ankatisunga ngati mbewu, kugwiritsa kamodzi pakapita masiku.

Mukuganiza kuti tinaphunzira. Tinaphunziradi, koma mwa njira yathu. Mudzi uja unali wa madokotala a nimu unasanduka wa madokotala a maswiti. Chiphunzitso chatsopano chinalinso chimodzi, chachidule, chosavuta kuloweza: a Yobu akakweza mawu, shuga watsika. Aliyense anayamba kuyenda ndi switi, amayi atamanga pa nsonga ya chitenje, abambo m'thumba la malaya. Malume akadandaula kuti mbuzi za eni zalowa pa nazale, wina ankawapatsa switi. Akanena kuti ndiwo zachuluka mchere, a Zelesi ankasenda switi. Tsiku lina anadzudzula amuna anga kuti fodya wawo akumusoka mothithikana, adzaola m'chigafa, ndipo amuna anga anamwetulira mwachifundo n'kupisa dzanja m'thumba. Fodyayo anaoladi. Poyamba malume ankaseka nafe. Kenako anasiya kuseka, n'kumangolandira maswitiwo n'kukaponya m'chitini chija kale munkabisidwa shuga. Chinadzaza.

Chaka chotsatira, m'mwezi wa Okutobala, nthawi yokonzekera zigafa, a Cornelius anaitanitsa mbumba pakhonde pawo, Lamulungu masana. Imeneyi inali nthawi yoyamba m'mbiri yathu kuti msonkhano uitanidwe ndi wina osati a Yobu. Tinabwera tonse. Malume anafika atadya kale, atavala jekete, n'kukhala chakumapeto.

A Cornelius anaima, nakonza tayi, nati, "Ine mwa maganizo anga," ndipo ulendo uno chiganizo chinafika kumapeto. Chinali chachitali, chokhala ndi mfundo yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu. Mphanda zikusowa, anthu akukazitenga kutali, pamene mitengo yangoima pakhomo osagwira ntchito. Mayi ananena zimenezo kalekale, dziko lisanasinthe. Pamenepo patuluka zigafa zitatu, ndipo malo otsalawo alimidwa. Anthu ankagwedeza mitu. Ndisabise, amuna anga anali atalonjezedwa kale mphanda za chigafa chimodzi mwa zitatuzo, ndipo ine ndinkadziwa.

Malume anaima. Anayamba modekha. Anati mayi awo sanasiye mitengoyo chifukwa cha kukongola. Chitsime chathu chili kumunsi kwake, ndipo ndi chokhacho m'dera lino chimene sichiphwa mu Novembala. Anati chaka cha njala ana a mbumba ino, ena mwa iwo akhala pompano ndi imvi, anapulumukira masuku amenewo. Anati chigafa chimakhala zaka zitatu chiswe n'kuchidya, pamene muwanga umodzi watenga moyo wa munthu kuti ufike pamene wafikapo. Pofika apa mawu anali atakwera, chala chikuloza mng'ono wawo. "Iwe Cornelius, unaliko pamene mayi ankalankhula. Unagwira mwendo wawo ukulira. Lero ukuti dziko lasintha?"

Ndinamva timapepala ta maswiti tikuchita phokoso mbali zonse za khondelo.

"Abambo, khalani pansi, yambani mwadya aka," anatero a Zelesi, akuwakoka jekete.

"Achimwene," anatero a Cornelius ndi mawu ofewa ngati a m'busa pa maliro, "musadzivute. Tidzakambirana bwino shuga akakhazikika."

Malume anapisa dzanja m'thumba la mkati mwa jekete n'kutulutsa kamakina kaja. Anatsegula kabotolo, n'kukapendeketsa, ndipo munatuluka kapepala kamodzi, kotsiriza. Anakalowetsa, n'kubaya chala chawo chachikulu, chija chinkasisita fodya, n'kudontheza magazi. Manja sanali kunjenjemera ngakhale pang'ono. Tonse tinadikira mpaka kamakinako kanalira. Kenako anawapatsa a Cornelius.

"Werengani, inu ndinu ophunzira."

A Cornelius anavala magalasi. "Sikisi," anatero.

"Mokweza."

"Sikisi."

"Mwamva nonse," anatero malume. "Shuga ali pamalo pake. Amene wakwiyayu ndi ine, Yobu."

Pakhondepo ena anabweza maswiti m'matumba. A Cornelius anatembenuza kamakinako uku ndi uku, nati zinthu zimenezi nthawi zina zimanama, makamaka kukatentha chonchi. Palibe amene anawavomera, palibenso amene anawatsutsa.

Apa malume anatembenukira kwa ine. Mwa akazi a mbumba ino wamkulu ndine, ndipo kwathu dothi limayenda ndi akazi. Ndikanangonena kuti mitengo ya agogo isagwe, a Cornelius akanapinda mfundo zawo zitatu n'kuziika m'thumba. Malume ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa. Koma ndinaganiza za chigafa cha amuna anga, ndinaganizanso kuti n'kosavuta kusamala wodwala kusiyana ndi kumvera munthu amene akunena zoona. Pamene ankandiyang'ana, dzanja langa linali litatambasuka kale, switi ili pachikhatho, yosendasenda.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitenga, n'kuitembenuza, n'kuinunkhiza. Kenako anaibwezera m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga chimodzichimodzi mpaka zitaitsekera.

"Feggie," anatero, osakweza mawu, "zaka makumi anayi m'shedi muja ndinalakwitsa tsamba limodzi lokha, ndipo ndinasiya ntchito tsiku lomwelo. Sindinadziwe kuti kumudzi kuno ndinalakwitsanso lina."

Anatenga kamakina kawo n'kumapita, akuyenda mowongoka.

Nkhwangwa zinayamba Lolemba m'mawa. Zinalira masiku anayi, ndipo malume anakhala pa mpando wawo wandalema masiku onse anayiwo, atafulatira kumeneko. Chigafa cha amuna anga chinaima, chokongola, cha mphanda zowongoka, ndipo ine ndimadutsa njira ina popita kuchitsime kuti ndisachione. Chitsimecho chaka chino tayamba kuchipala matope mu Okutobala.

Chiyambire tsiku limenelo a Yobu sanakwezenso mawu kwa munthu aliyense. Mbuzi zikalowa pa nazale amangoziyang'ana. Mchere ukachuluka amangodya. Pa misonkhano ya mbumba amafika, n'kukhala kumapeto, n'kumvetsera a Cornelius akumaliza ziganizo zawo, ndipo akafunsidwa maganizo amati zili bwino. Ndikawapatsa moni amayankha mwaulemu, "Ndili bwino, kaya inu amayi," ngati ndine mlendo wodutsa. Anthu m'mudzi muno akusangalala kwambiri. Dzulo kuchigayo mayi wina anandigwira dzanja n'kundiyamikira kuti tawasamala bwino malume athu, shuga wawo wakhazikika masiku ano.